Galimoto yofewa siyendera ku Honde, anzanga

Anzanga apamsewu, ambiri tikapeza kandalama timathamangira sedani yapamwamba, ija ya air suspension yoti ukakhalamo umangomva ngati uli pa matilesi. Sindikutsutsa, pa phula la Harare mpaka Mutare imakoma, msana suwawa.

Koma tatsikani nayo ku Hauna, ku Honde Valley, mutadzaza nthochi m'buti. Galimotozi sizikhala pa masipuling'i achitsulo ayi, zimakhala pa matumba a mpweya omwe pampu imawapopa. Katundu akalemera, maenje n'kuchuluka, thumba limayamba kutaya mpweya, pampu imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Yanga inagona chonchi pafupi ndi minda ya tiyi ku Chipinge, m'mawa ndinaipeza mimba ili pansi ngati bakha. Makaniko anangopukusa mutu. Chipangizo chinachokera ku Johannesburg patatha masabata awiri, nthochi zonse zitaola.

Ena amati bola kuyenda pang'onopang'ono. Zoona, koma matayala ake opyapyala aja sakhululuka mwala, ngakhale uziyenda ngati nkhono.

Wopita ku Mount Selinda kapena Espungabera, tengani Hilux. Imagwedeza, inde, koma sipuling'i ikathyoka mumaipeza ku Mutare tsiku lomwelo.