Atawerenga Mikwapulo ya M'makomo Mwathu



Kuyambira kumapeto kwa 2019 kufikira m'chaka cha 2020, anthu otumidwa ndi ofesi ya kalembera ya ku Zomba, ya National Statistical Office, anayenda m'maboma onse a dziko lino, kuphatikizapo kuno ku Phalombe, nacheza ndi mabanja oposa 25,000 osankhidwa mwa apo ndi apo. Kafukufukuyu amatchedwa MICS ndipo amachitika ndi thandizo la bungwe la UNICEF. Ambiri mwa mafunso ake ndi a madzi akumwa, katemera ndi sukulu, koma pali tsamba limodzi limene limalowa mpaka kuchipinda, pakuti limafunsa mmene timalangira ana.

Kafunsidwe kake ndi kochenjera. Sakufunsani ngati mumazunza mwana, popeza palibe kholo lingavomere zimenezo. M'malo mwake mayi kapena wolera mwanayo amamuwerengera zinthu 11, iye nkumayankha inde kapena ayi ngati munthu wamkulu aliyense pakhomopo wachita chinthucho kwa mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 14 m'mwezi wapitawo. Zitatu ndi zofatsa: kumufotokozera mwana kulakwa kwake, kumumana chimene amakonda, ndi kumupatsa china choti achite. Ziwiri ndi za pakamwa: kumukalipira mokuwa, ndi kumutchula maina onga chitsiru kapena waulesi. Zotsalazo ndi za dzanja, kuyambira kumugwedeza mwamphamvu, kumumenya kumatako, kumukwapula ndi lamba kapena kamtengo, kumuwomba khofi kumaso kapena kumakutu, mpaka kumumenya mobwerezabwereza ndi mphamvu zonse.

Zotsatira zake zinasonyeza kuti ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse m'Malawi analangidwa ndi dzanja kapena ndi mawu opweteka m'mwezi umodzi wokhawo. Pa kafukufuku wonga yemweyu wa 2013 ndi 2014 anali ana 7 mwa 10.

Tsono tisathamangire kugwira pakamwa. Muyeso umenewu uli ndi zofooka zake. Mayi amene wakuwa kamodzi poona mwana akuthamangira kuchitsime amaikidwa mulu umodzi ndi bambo amene wathyolera mwana ndodo pamsana, ndipo ine sindiona chilungamo pamenepo. Komanso amene amayankha ndi kholo, osati mwana, ndipo tonse tidziwa mmene munthu amakonzera mawu pamaso pa mlendo wovala bwino. Ngati nambalayi yalakwika, mwina yalakwika pochepa.

Chimene chandigwira mtima ine ndi funso lomaliza. Atatha mafunso 11 aja, wofunsayo amafuna kumva maganizo a kholo: kodi mukhulupirira kuti mwana, kuti akule bwino, ayenera kumenyedwa? Kuno kwathu ovomera amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi omenyawo. Ndi mmenenso zilili kwina, pakuti mu 2014 UNICEF inapeza kuti pa dziko lonse ana 6 mwa 10 a zaka 2 kufikira 14 amamenyedwa pakhomo, pamene akulu okhulupirira kuti kumenya n'kofunika ndi 3 okha mwa 10.

Taganizirani bwino, abale anga. Ngati munthu amenya mwana pamene mtima wake womwe ukuti kumenya sikofunika, ndiye kuti chimene chakweza dzanjalo si maphunziro ayi, koma mkwiyo. Mayi wachokera kumunda wa nandolo dzuwa lili paliwombo, wapeza mwana wataya ndalama ya kuchigayo. Bambo wabwera ku Nyanja ya Chilwa wopanda ngakhale mbale ya matemba, wamva kuti mbuzi zadya mmera wa eni ake. Kutopa ndi umphawi zimatsikira pa amene sangabwezere. Pambuyo pake ndi pamene timafunafuna Hadith yoti tibisalemo.

Hadith imeneyo tonse timaidziwa, ya mu Abu Dawud, yonena za kuwalamula ana Swala ali ndi zaka 7 ndi kuwamenya akaisiya ali ndi zaka 10. Koma tawerengani zimene zili pakatipo. Zaka zitatu za Swala zisanu pa tsiku ndi kukumbutsa koposa 5,000 ndi pakamwa pokha, dzanja lisanakwere. Ndipo nkhani yake ndi ya Swala, osati ya mbale yosweka. Nanga mwana wa zaka ziwiri amene wakodzera pamphasa, amene kafukufuku uja anamuwerenganso, akumenyedwa ndi Hadith iti?

Mayi Aisha (R.A.) anachitira umboni kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) sanamenyepo mkazi kapena wantchito ndi dzanja lake. Anas bin Malik (R.A.) anamutumikira zaka 10 kuyambira ali mnyamata, ndipo anati sanamvepo mawu omunyoza pa chimene wachita kapena chimene wasiya. Kumenya kumaso Mtumiki anakuletseratu. Kutchulana maina achipongwe kunaletsedwa mu Surat Al-Hujurat, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti mwana wako yekha ungamutchule galu. Kotero mafunso awiri mwa 11 aja Chisilamu chinawayankha kale zaka 1,400 zapitazo.

Ngakhale kuwerenga mikwapulo sikunayambe ndi a UNICEF. Ibn Sahnun wa ku Qayrawan, m'dziko limene lero ndi Tunisia, amene anamwalira mu 870, analembera aphunzitsi a Qur'an malamulo: asamenye ali okwiya, asakhudze mutu kapena nkhope, ndipo asapitirire mikwapulo itatu popanda chilolezo cha bambo wa mwanayo. Pambuyo pake Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 1406, anaona kuti mwana woleredwa mwankhanza amaphunzira bodza ndi chinyengo, chifukwa amazolowera kunena zimene zingamupulumutse m'malo monena zoona. Mwalimu aliyense anamuonapo mwana wotere: amagwedeza milomo ngati akuwerenga, maso ali pa kamtengo.

Apa ndiye pali mpata waukulu m'kafukufukuyu, pakuti amathera pakhomo. Ku madrassa safikako, chonsecho kumeneko ndi kumene makolo ena amabwera ndi mwana nkumuuza mwalimu kuti, "A Mwalimu, uyu musamunyengerere, muzimukwapula." Nkhani imeneyi sitingadikire a ku Zomba kuti adzatiwerengere. Ndikupempha makomiti a mizikiti, kuyambira ku Migowi ndi Chiringa mpaka m'mbali mwa nyanja, kuti kwa mwezi umodzi wokha mwalimu azilemba kumbuyo kwa kaundula tsiku limene wakwapula mwana, zaka za mwanayo, cholakwa chake, ndiponso ngati iye mwini anali wokwiya. Mweziwo ukatha, Shehe, alimu ndi makolo adzakhale pansi pambuyo pa Jumu'ah, aliwerengere limodzi tsambalo.