Foni ndi dengu, si nkhokwe

Chiyambireni pomwe kampani ya Movitel inatsegula ntchito zake m'dziko la Mozambique m'chaka cha 2012 ndi kuyamba kuimika nsanja m'madera akumidzi, foni yam'manja yasanduka katundu wamba ngati wailesi kapena njinga. Ku Malowera, m'boma la Maravia, ena amayenda ndi makhadi awiri, lina la Mozambique, lina la Zambia, kaamba koti abale ndi malonda ali mbali zonse ziwiri za malire.

Koma chomwe anthu ambiri sachiganizira nchakuti kafoni kameneka kasenza chuma chambiri chimene kale chinkasungidwa m'sutikesi pansi pa bedi. Muli manambala a ana amene ali ku Tete, ku Petauke ndi ku Joni. Muli zithunzi za ukwati, za chinamwali ndi za ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika. Muli chithunzi cha chiphaso, cha lisiti la fodya ndi cha chikalata cha munda. Ena anajambulamo mawu a agogo akulongosola za mtundu wawo ndi malire a minda, ndipo agogowo lero anatsikira kuli chete.

Tsono foni ndi dengu chabe. Dengu ndi lonyamulira chimanga kuchoka kumunda, ndipo palibe mlimi wanzeru amene amasiya zokolola za chaka chonse m'dengu pabwalo. Foni imagwera m'madzi powoloka mtsinje, imabedwa pamsika, imapsa ndi tchaja yachinyengo, kapena mwana amaigwetsa pamwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Zomwe zili m'foni ziyenera kututidwa ndi kuikidwa pena, ndipo njira yake siilira intaneti kapena mayunitsi ayi. Imalira chingwe chomwe chija chotchajira.

Chingwechi dzina lake ndi USB, ndipo chinayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1996 makampani monga Intel, Microsoft ndi IBM atagwirizana kuti zipangizo zosiyanasiyana zizilumikizidwa ndi pulagi ya mtundu umodzi. M'kati mwa chingwe wamba muli timawaya tinayi. Tiwiri timanyamula moto, tiwiri tinato timanyamula zithunzi, nyimbo ndi mauthenga. Zingwe zina zotchipa zili ndi timawaya ta moto tokha, nchifukwa chake foni imatchaja bwinobwino koma kompyuta osaiona. Zikatero vuto si foni ayi, nkofunika kungoyesa chingwe china.

Komabe chingwe pachokha sichikwanira, pakuti foni ndi kompyuta ziyenera kumvana chiyankhulo. Mafoni ambiri a Android, monga Itel, Tecno ndi Samsung, amayankhula chiyankhulo chotchedwa MTP. Chinapangidwa ndi kampani ya Microsoft, ndipo m'chaka cha 2008 chinavomerezedwa kuti aliyense wopanga zipangizo za USB angathe kuchitsata. Foni ya iPhone, imene inatuluka m'chaka cha 2007, inabwera ndi chiyankhulo chakechake chomwe eni ake a Apple sanachiulule, ndipo ankafuna kuti munthu azigwiritsa ntchito pulogalamu yawo ya iTunes basi. Apa mpamene panabuka funso lakuti: kodi zinthu zimene munthu wasunga yekha, m'foni yogula ndi ndalama zake, mwini wake ndani ngati sangazitulutse popanda chilolezo cha kampani?

Funso lotere silachilendo. M'chaka cha 1983 katswiri wina wa ku America, Richard Stallman, anayambitsa ntchito yotchedwa GNU pofuna kuti pakhale mapulogalamu a kompyuta amene aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito, kuona m'mene anawalembera, kuwakonza ndi kugawirako anzake. M'chaka cha 1991 mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, anayamba kulemba Linux motsata mzimu womwewo. Mapulogalamu otere ndiwo amatchedwa otseguka. Ali ngati mbewu ya chimanga cha makolo imene mlimi amasunga, kubzalanso ndi kupatsako mnansi popanda kupempha kwa wina, pomwe pulogalamu yotsekedwa ili ngati mbewu yogula kusitolo imene mwini wake ndiye amadziwa m'mene anaipangira. Mtundu wina wa Linux umene unatuluka m'chaka cha 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa unapatsidwa dzina lakuti Ubuntu, liwu lomwe Achewa amati umunthu.

Anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana ndiwo analemba mapulogalamu otseguka otulutsira zinthu m'mafoni. Pali libmtp, imene imathandiza kompyuta ya Linux kumvana ndi mafoni a Android. Pali libimobiledevice, imene inayamba m'chaka cha 2007 anthu atachita kufufuza okha chiyankhulo cha iPhone mpaka kuchitulukira. Pali Gammu, imene imakopera manambala ndi mauthenga m'mafoni ena a mabatani, makamaka a Nokia akale aja, ngakhale kuti si foni iliyonse imene imamvana nayo. Onsewa ndi aulere, ndipo amayenda ngakhale pa laputopu yakale yotchajidwa ndi sola.

Wina anganene kuti izi ndi za m'tauni, koma umboni uli pafupi. M'chaka cha 2008, pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete m'dziko la Malawi, pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, wophunzira wina wa ku America, Josh Nesbit, anabwera ndi mafoni akale 100 ndi laputopu imodzi. Mu laputopumo munali pulogalamu yotseguka ya FrontlineSMS, imene Ken Banks anaiyamba m'chaka cha 2005. Pulogalamuyi inkangofuna kachipangizo kokhala ndi khadi la foni kolumikizidwa ku laputopu, popanda intaneti. Mafoni aja anagawidwa kwa anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi, ndipo m'malo mopalasa njinga mtunda wautali kukanena za wodwala, ankangotumiza uthenga umene unkafikira pa laputopu ya kuchipatala ndi kusungika pomwepo. Zimene zinatheka ku Namitete sizingakanike ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Fingoé.

Kakoperedwe kake nkosavuta. Munthu akalumikiza foni ya Android ku kompyuta, ayambe waitsegula ndi nambala yake yachinsinsi. Pagalasi pamabwera funso lofuna kudziwa ngati chingwecho nchotchajira chabe kapena chotumizira mafayilo, ndipo asankhe chachiwiricho. Zithunzi ndi makanema ojambula yekha zimakhala mu foda yolembedwa DCIM. Manambala a anthu sakopeka okha ayi. Ayambe wawasonkhanitsa m'fayilo imodzi, imene dzina lake limathera ndi zilembo za vcf, kudzera pamalo osungira manambala m'fonimo, kenaka akopere fayiloyo. Zonsezi aziike pa fulashi kapena pa memore khadi yapadera, aikulunge m'pepala la pulasitiki ndi kuisunga pamodzi ndi makalata ofunika. Kumene kulibe kompyuta, mafoni ambiri amalola kulumikiza fulashi mwachindunji ndi kapulagi kakang'ono kotchedwa OTG.

Ntchitoyi iyenera kuchitika foni ikadali yamoyo. Mafoni a Android amakono amabisa zonse zam'kati mwanjira yakuti popanda nambala yachinsinsi ya mwini wake palibe angaziwerenge, ngakhale mmisiri atachotsamo zitsulo. Izi nzabwino foni ikabedwa, koma nzowawa galasi likasweka mpaka osaoneka kanthu, pakuti mwini wake yemwe amasowa polembera nambala ija. Ngati galasi likuwala koma silikumva chala, kapulagi ka OTG ndi mbewa ya kompyuta nthawi zina zimapulumutsa. Ndipo aliyense wopita ndi foni kwa okonza adziwe kuti mawu akuti "tiifulashe" kawirikawiri amatanthauza kufufuta zonse. Ayambe wafunsa ngati zithunzi ndi manambala zitsale, pakuti safunsa anadya phula.

Pali chenjezo linanso. Chingwe chomwe chimatulutsa zithunzi kupita kwa mwini wake chingathenso kuzitulutsa kupita kwa munthu wachabe. Anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamisika amagwira ntchito yothandiza ndipo ambiri ndi okhulupirika, koma foni yotsegula ikasiyidwa pabenchi mwini wake nkupita kokagula mchere, zonse zam'katimo zili poyera. Zithunzi za m'nyumba zikafalikira zimapasula mabanja ndi kuchititsa manyazi atsikana osalakwa. Choncho mwini foni aimirire pomwepo ndi kuona chimene chikukoperedwa. Potchajitsa pa sola ya wina, foni ikhale yokhoma kapena yozimitsa. Mmisiri akatsegula khomo lotchedwa USB debugging, limene limapatsa kompyuta mphamvu zolamulira foni ndi kuikamo mapulogalamu, alitsekenso ntchito ikatha.

Ndalama za M-Pesa, e-Mola kapena Airtel Money sizikhala m'foni ayi, zimasungidwa ku kampani pa nambala ya mwini wake, kotero chingwe sichingazikoke. Koma munthu amene analemba nambala yachinsinsi ya ndalamazo m'mauthenga kapena pakati pa maina a anthu wasiya kiyi pachitseko.

Ubwino wa mapulogalamu otseguka pankhani imeneyi ngwakuti kalembedwe kake kali poyera, ndipo akatswiri a maiko ambiri amatha kuona ngati muli kachinyengo kobisika. Mapulogalamu akuba amene amayenda m'mafulashi kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina ndiwo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi oononga mafayilo a anthu. Mnyamata wa pamsika amene waika Linux pa laputopu yake sanabe kanthu kwa wina aliyense, ndipo mavairasi ambiri a m'mafulashi, poti anapangidwira Windows, sagwira pa makina ake.

Mutu umodzi susenza denga. Sikuti banja lililonse lingagule kompyuta, koma sukulu, mpingo, kalabu ya alimi kapena gulu la banki m'khonde lingathe kukhala ndi laputopu imodzi ndi munthu mmodzi wokhulupirika woiyendetsa. Pakhale lamulo lakuti aliyense abwere ndi fulashi yake, ndipo pa laputopu pasatsale chithunzi cha munthu. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi yokolola, pomwe ndalama ya fulashi imapezeka, ndiponso pakangotha mwambo waukulu monga ukwati kapena chiliza. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mawu a agogo amene ali m'foni mokha akadali pachala.