PAKHONDE PA MKULU WA MPINGO: Mverani Wantchito

Namani anali kazembe wamkulu wa nkhondo, koma amene anamlozera kumene kunali machiritso anali kamtsikana kotumikira mkazi wake. Atakana kusamba m'Yordano, amene anam'bweza mtima anali anyamata ake. Zimene tiŵerenga pa 2 Mafumu 5 zichitikabe m'nyumba za ntchito za boma kufikira lero.

Ku London kuli chipatala cha boma cha ana chotchedwa Great Ormond Street. M'chaka cha 2018 anamwino a kumeneko anaona kuti anzao anali kuvala magolovesi pa ntchito iliyonse, ngakhale pamene kusamba m'manja kukadakwanira. Anayamba kuphunzitsana kuti magolovesi ndi oyenera pokhudza mwazi ndi zina zotuluka m'thupi. M'chaka chotsatira chipatalacho chinachepetsa magolovesi ogula ndi 3.7 miliyoni. Zinyalala za pulasitiki zinachepa, ndalama zinapulumuka.

Ku Scotland nako, madokotala ogoneka odwala pa opaleshoni anadziŵa kuti mankhwala ena otchedwa desflurane atenthetsa dziko koposa mpweya wa carbon dioxide pafupifupi ka 2,500. Ambiri analeka okha kuwagwiritsa ntchito, popeza ena ogoneka bwino lomwe analipo. Boma linatsata pambuyo, niliwachotsa m'zipatala zake m'chaka cha 2023. Lamulo linapeza antchito atayamba kale.

Nanga ife? Pakati pathu pali mau oipa akuti za boma zilibe mwini. Chifukwa cha mau ameneŵa mpopi wa pasukulu udontha mwezi wathunthu, magetsi a muofesi ayaka usiku wonse, mitengo ya pachipatala itha osabzala ina. Komatu amene adziŵa zimenezi ndiye mlonda, mesenjala ndi mai wophika phala la ana, pakuti ndiwo aziona tsiku ndi tsiku. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Inu wantchito wachikhristu, musadikire kalata yochokera ku likulu. Nenani mwaulemu chimene mwaona, ndipo yambani ndi chimene manja anu angathe. Ndipo inu akulu a ntchito, musanyoze nzeru chifukwa yachokera kwa wamalipiro ochepa. Namani akadatseka makutu, akadafa ndi khate lake. Mwini dziko lino alipo, ndipo adzatifunsa za ukapitao wathu.