Amene mukuti AV inatha, mumagulitsa kwa ndani?

Anzathu a geni, pali kachizolowezi kayamba m'gulu muno komwe sitingakasiye chonchi. Munthu akangofunsa ngati TV yakuti ili ndi mabowo a AV, ena mumayamba kumuseka, ati zimenezo n'zamakedzana, dziko lili pa HDMI. Ife amene timaoda zamagetsi ku Joni ndi ku Kariakoo tikuti lekani kusocheretsa ongoyamba kumene. Ena mpamba wawo ndi ngongole ya banki m'khonde.

HDMI sitikuinyoza ayi. Chingwe chimodzi chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe, ndipo yakhala pamsika zaka zoposa 20. Koma kasitomala wathu sagula za m'nyumba zonse tsiku limodzi. Lero wagula pulazima, DVD ndi yakalekale ija, sabuwufa anamusiyira ndi achimwene ake. Zimenezi zimayendera chingwe cha mitu itatu chija, chomwe dzina lake lenileni ndi RCA: mutu wachikasu wa chithunzi, wofiira ndi woyera ya mawu. Akafika kunyumba n'kupeza kuseri kwa TV kulibe polowetsa, sapita ku Dragon City kukadandaula. Amabwera pa shopu panu, katoni ili pamutu, akufuna ndalama zake. Inu basi munalipira kale, msonkho pa Mwanza munapereka kale. Mumubwezera ndi chiyani?

Ma TV ambiri atsopano AV sanaichotse, anangoibisa. Mupeza kabowo kamodzi kangati ka hedifoni, kolembedwa AV IN, komwe kamafuna kachingwe kake kafupifupi kogawa mitu itatu. Tsegulani katoni muone kuti kalimo musanalipire. Musadalire kuti mukagula kena kumsika, chifukwa makampani salumikiza mawaya a kachingweka mofanana. Kena mukalowetsa mumangomva phokoso, chithunzi osatuluka.

Komanso AV IN ndi yolowetsa, siyotulutsa. Wa sabuwufa akufuna AUDIO OUT kapena bowo la hedifoni, pomwe ma TV ena amangokhala ndi optical. Wa video show, amene mawu amayenera kumveka mpaka kumsewu kuti anthu alowe, TV yotereyi saigula ngakhale mutsitse mtengo.

Tikudziwa yankho lanu: kuli makonveta. Alipodi, koma kabokosi kameneka kamayenda mbali imodzi. Kolembedwa AV2HDMI n'kolumikizira DVD yakale ku TV yatsopano. HDMI2AV n'kotengera chipangizo chatsopano ku TV zakale zonenepa kumbuyo zija. Mukasokoneza, mwaoda katoni ya zinthu zomwe anthu anu sakufuna. Ndipo konse kamafuna moto wa USB. Choipitsitsa ndi chingwe chopanda kabokosi, mbali ina HDMI mbali ina mitu itatu. HDMI ndi ya digito, AV ndi ya analogi, waya payekha sangasinthe zimenezo. Ogulitsa chingwe chimenechi mukudziwa chomwe mukuchita, ndipo mukutiipitsira mbiri tonse.

VGA nayo, ya buluu ya mapini 15 ija, inabwera ndi IBM mu 1987, koma mapulojekita ndi makompyuta a m'masukulu ndi m'matchalitchi adakaigwiritsabe ntchito. Ingokumbukirani kuwauza ogula kuti siinyamula mawu, pamafunika chingwe china. Pomwe tingagwirizane nanu ndi pa SCART, chibowo chachikulu cha mapini 21 chomwe chimabwera pa katundu wa kaunjika wochokera ku UK. Imeneyo ndi ya ku Ulaya, kuno chingwe chake n'chosowa, ndiye katundu wotere musamutenge popanda adaputa yake.

Ife tisanalipire timatembenuza TV, n'kujambula kuseri kwake, n'kutumizira mwini oda pa WhatsApp kuti ayerekeze ndi zingwe zomwe ali nazo kunyumba. Wogulitsa akakana kutsegula katoni timalowa shopu yotsatira.