Musathamangire kufomata, akuluakulu

Pa Malomo, pamsewu wa Kasungu-Nkhotakota paja, anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni chuma chawo chonse chili mu hard disk. Ndiye wina akawonjezera disiki yachiwiri kapena RAM, kompyuta n'kukana kuyaka, thukuta limatuluka ngakhale mu June.

Zikatero amisiri ena, ongofuna ya sopo, amati "bwana, tifomate basi". Kanani! Kufomata n'kufufuta nyimbo zonse zomwe mwakhala mukutolera zaka ndi zaka.

Yambani mwazimitsa, muchotse chomwe mwawonjezeracho. Ikayaka, wolakwa mwamugwira. Kawirikawiri kompyuta imakhala ikusakasaka Windows mu disiki yatsopanoyo, chonsecho mulibe kanthu. Poyatsa dinani F2 kapena Del, mulowe mu BIOS, muike disiki yakale patsogolo. Ikamangolira "pii pii" sikirini ili bii, mwina RAM sinakhale bwino. Ikanikizeni mpaka timano tam'mbalito titseke. Komatu DDR4 silowa pamalo pa DDR3, mukachita makani muthyola bolodi.

Enanu a sola, dziwani kuti madisiki amakoka moto wambiri akamayamba kuzungulira. Mwina ndi kainveta kanu kaja kakulemedwa.