Kabureta Wamkulu Sawonjezera Mphamvu ya Injini

Pali mawu amene afala masiku ano m'magalaja a pansi pa mitengo ndi m'masiteji a kabaza, kuyambira ku Namitete ndi ku Mpingu, kudzera ku Nsaru ndi kwa Kabudula, kufikira ku Nambuma ndi kuno ku Chiwamba, akuti munthu amene galimoto yake kapena njinga yake yamoto yayamba kulefuka pachitunda angochotsa kabureta amene inabwera naye, n'kuikapo wina wa pakhosi potakata, ndipo injiniyo idzadzuka ndi nyonga yoposa ya pa ubwana wake. Mawuwa anenedwa kawirikawiri kotero kuti anthu aleka kuwafunsa kumene achokera, ndipo ndalama zimene mlimi wazipeza ndi thukuta la nkhope yake pa fodya, soya ndi mtedza zikuthera m'masitolo a zipangizo ku Malangalanga ndi ku Biwi. Ife tikuti iai, abale athu. Ndipo popeza kukana kopanda chifukwa ndi mwano chabe, tifotokoza chimene tikukanira.

Cholakwa chagona pa tsinde penipeni, pakuti amene akufalitsa mawuwa amayesa kuti kabureta amakankhira mafuta m'injini, ndipo kuti akakula adzakankha ochuluka. Kabureta sakankha kanthu. Imene imakoka ndi injini: pisitoni ikamatsika m'silinda imayamwa mpweya, mpweyawo podutsa pakhosi popanikizika pa kabureta umathamanga kwambiri, ndipo kuthamangako ndiko kumatsopa petulo kuchokera m'kabowo ka jeti n'kumuphwanya kukhala nkhungu yoyaka msanga. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa mtsinje wa Bua anaona kuti madzi amene amayenda mwaulesi padambo potambalala amasanduka aliwiro akafika pakati pa miyala iwiri, ngakhale kuti madziwo ndi omwewo. Chinthu chimenechi anachifotokoza m'buku katswiri wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi, m'chaka cha 1797, ndipo pakhosi pa kabureta pamatchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Wilhelm Maybach wa ku Germany atapanga kabureta wa jeti mu 1893, anatsamira pa lamulo lomwelo. Tsono mukakuza pakhosipo pamene injini ili yomweyo, yokoka mpweya womwewo, mpweya uja uyenda mozengereza, mphamvu yake yotsopa petulo ichepa, ndipo petulo amene atuluke adzalowa ali madontho akuluakulu amene sayaka bwino.

Tiyeni tiwerenge, chifukwa masamu alibe tsankho. Titenge kagalimoto kaja ka Nissan 1400, kamene kanapangidwa ku Rosslyn m'dziko la South Africa kufikira 2008, kamenenso kanyamula chimanga, mbuzi ndi maliro m'midzi yathu zaka zosawerengeka. Injini yake imadzaza masilinda ake onse kamodzi ikazungulira kawiri. Chotero ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, kumene kuli kulira kwake kotsiriza, singameze mpweya woposa malita 4,200 pa mphindi, ndipo kunena zoona imameza wocheperapo, popeza palibe injini wamba imene imadzaza silinda mpaka pakamwa. Koma woyendetsa amene wasenza mabelo kupita nawo ku okushoni ku Kanengo, pa msewu wa dothi wa mabampu ndi zigwembe, sayandikirako n'komwe kumeneko; amakhala pa 2,000 kapena 2,500, pamene injini ikumeza malita osakwana 1,800. Kabureta wa Holley amene wamanga nthenje m'makambirano a anyamata, uja wa nambala 600, anamupangira kudutsa malita pafupifupi 17,000 pa mphindi, chifukwa mwini wake ndi injini ya masilinda asanu ndi atatu ya ku America. Kumuika pa injini yaing'ono sikuiwonjezera kanthu, koma kuilanda ngakhale chochepa chimene inali nacho.

Chimodzimodzinso ndi njinga za kabaza. Manambala aja olembedwa pa kabureta, PZ26 kapena PZ30, amanena kukula kwa bowo lake m'mamilimita, ndipo mnyamata amene wachotsa 26 pa injini ya 125 n'kuikapo 30 adzaona zimene ambiri aziona kale: pamene akupotokola dzanja kuti anyamuke ndi matumba awiri a feteleza kumbuyo, injini imatsamwa, imachita ngati ikuzima, kenaka n'kudzidzimuka mochedwa. Akabwerera kwa makaniko, makaniko amaikapo jeti yaikulu kuti aphimbe kutsamwako, ndipo kuyambira tsiku limenelo njinga imamwa petulo mosasamala, imatulutsa utsi wakuda, pulagi imada ndi mwaye, ndipo petulo wosayakayo amatsuka oilo m'mbali mwa silinda, mpaka maringi atha nthawi yake isanakwane. M'zaka zino zimene taona mizere ya magalimoto ikugona pa malo omwetsera mafuta, ndipo petulo wa m'zigubu akugulidwa pa mtengo wolira nawo, kumeneku ndi kudzibera wekha masana dzuwa likuswa mtengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisawalakwire komabe anzathuwo, pakuti mawu awo ali ndi kumene anayambira. N'zoona kuti magalimoto a mpikisano, onga amene amathamanga pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, akhala akuvala makabureta akuluakulu, makamaka a Weber ochokera ku Bologna, ndipo ena amapatsa silinda iliyonse pakhosi pakepake. Koma injini zimenezo anayamba azisintha m'kati monse, mavalavu n'kuwakuza, kamshafti n'kuikapo ina yotsekula nthawi yaitali, paipi ya utsi n'kuitakasa, kuti zizitha kumeza mpweya wochuluka pa liwiro limene galimoto ya mlimi sidzalifika mpaka kalekale. Kabureta wamkulu amabwera pambuyo, kudzatumikira injini imene yakula kale. Ndipo galimoto yotero, mutaiika pa msewu wa kwa Kabudula mvula itagwa, ingakuchititseni manyazi pamaso pa ana. N'zoonanso kuti alipo amene anasintha kabureta n'kuona galimoto yawo itatsitsimuka, ndipo umboni wawo sitiukana. Chimene tikukana ndi tanthauzo limene akuupatsa, chifukwa kawirikawiri kabureta wakaleyo anali atadyeka, akuba mpweya m'mbali mwa kamtengo ka chitseko chake, tinjira take titatsekeka ndi litsiro, kotero kuti chimene chinachiritsa injini ndi utsopano wa kabureta winayo, osati ukulu wake.

Opanga magalimoto nawo sanali ogona. Pa injini zambiri za Toyota ndi Nissan anaika kabureta wa makosi awiri, loyamba laling'ono logwira ntchito nthawi zonse kuti mpweya uzithamanga, lachiwiri lotsekuka pokhapokha woyendetsa akaponda moto kwambiri. Ndipo Weber 32/36, amene ambiri amamuika pa magalimoto akale a masilinda anayi, amatsata nzeru yomweyo.

Pali chinthu china chimene ofalitsa mawuwa sachitchula konse, ndicho dziko limene tikukhalamo. Injini ya petulo imafuna kuti pa kilogalamu imodzi ya petulo pakhale mpweya wolemera makilogalamu 14.7, kapena kucheperapo pang'ono, 12.5 mpaka 13, pamene ikukoka ndi mphamvu zake zonse. Koma chigwa chathu cha Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi wa ku Durban, Beira kapena Dar es Salaam, kumene magalimoto ndi njinga zathu zambiri zimatsikira m'sitima. Chotero injini iliyonse yopanda tabo imafika kuno itataya kale gawo la mphamvu yake, ndipo palibe kabureta pansi pa thambo amene angaibwezere. Ndiponso jeti imene inali yoyenera m'mphepete mwa nyanja imapereka petulo wopitirira muyeso ikafika kuno. Mbali inayo, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, wochokera ku Dwangwa kuyambira 1982 ndiponso ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna mpweya wochepa kuti ayake, kotero kuti iyeyo amakokera kwina pamene kukwera kwa dziko kukukokera kwina. Pakati pa zokokana ziwirizi palibe munthu angakuuzeni nambala ya jeti ali chikhalire pa benchi ya sitolo. Injini iyenera kufunsidwa yokha.

Kafunsidwe kake si kachilendo kwa amakaniko akale, amene ena a iwo akali moyo pakati pathu ndipo tikuwalemekeza. Asanakhudze kabureta amayamba aona sefa ya mpweya, chifukwa fumbi la mu Ogasiti ndi Okutobala limaitseka msanga, ndipo sefa yotsekeka imafooketsa injini ndi kuimwetsa petulo wambiri. Amene amaichotseratu kuti injini ipume bwino akudyetsa masilinda mchenga. Atatero amaona mapulagi, mpata wa mavalavu, nthawi imene moto ukuthetheka, ndi ngati masilinda akali kugwira mpweya, pakuti injini imene maringi ake atha siichiritsika ndi kabureta wa mtundu uliwonse. Zimenezi zikakhala bwino, amatsuka kabureta yemweyo, nayesa fuloti kuti petulo aime pa muyeso wake m'kambale, natenthetsa injini, napotokola sikuluwu ya kasakanizidwe pang'onopang'ono kufikira injini ilira mosalala. Pamenepo amaikamo pulagi yoyera, nayendetsa galimoto pachitunda ili ndi katundu wake wa masiku onse, naitulutsa pulagiyo kuti aione nkhope: ikada ndi mwaye, petulo wachuluka, ikayera mbee, petulo wachepa, ndipo kumeneko n'koopsa koposa, chifukwa injini yomanidwa petulo imatentha mpaka kupsereza mavalavu ndi kuboola pisitoni, ikafiirira modera, zinthu zili m'malo mwake. Apa tichenjezenso anyamata ena a kabaza amene atembenukira mbali inayo, natsina jeti mopitirira kuti apulumutse petulo, pakuti zimene asunga pa lita adzazilipira kakhumi pa pisitoni.

Jeti isinthidwe ndi sitepe imodzi yokha pa nthawi, chinthu china chilichonse chisanakhudzidwe, ndipo nambala yakale ilembedwe penapake kuti pakhale pobwerera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati kabureta wadyeka kotero kuti sangakonzekenso, mwini galimoto apite ku sitolo atanyamula wakaleyo m'manja, ndi nambala ya injini yake, napemphe wofanana naye kukula kwake, ngakhale wogulitsa atamuonetsa wina wonyezimira amene ali pa shelefu ya pamwamba.