Linny Hoo inafika kutali, nanga ndalama yake ili kuti?

Pa tsiku la msika m'dera la Mfumu Yaikulu Kadewere, mnyamata wobena nyimbo amakhala pakhonde la golosale ndi kompyuta yake yakale. Munthu amangomupatsa memori khadi ndi kandalama kochepa, iye n'kudzazamo nyimbo mazanamazana. M'katimo simulephera kupezeka Linny Hoo ya Giddes Chalamanda, mwana wa m'boma lomwe lino la Chiradzulu. Wa kabaza amaimvera pafoni podikira makasitomala, amayi ogulitsa tomato amagwedeza mutu. Pa kandalama kaja, palibe ngakhale tambala imene imafika kwa agogo amene anaipeka.

A Chalamanda anabadwa m'chaka cha 1930 ndipo akhala akuimba ndi banjo komanso gitala kwa zaka zambirimbiri. M'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier ankalakalaka kukaona America, ndipo loto limeneli linatheka mu 2016 pamene anakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Komabe chimene chinawatchukitsa dziko lonse ndi foni. Mu 2020 woimba Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kujambulanso nyimbo zawo zakale m'mayimbidwe a rege. Namadingo ayenera kuyamikiridwa: sanawaphimbe mawu agogowo, anawasiya atsogolere. Kanema ya nyimbozi inafalikira pa YouTube, kenako achinyamata a m'maiko akutali anatola Linny Hoo n'kuyamba kuivina pa TikTok. Pofika Januwale 2022, inali itaonedwa nthawi zoposa 80 miliyoni. Atolankhani a AFP atawapeza kwawo m'mudzi mwa Madzuwa, mwini nyimbo analibe foni yamakono yoti n'kuonerapo zonsezi.

Zimenezi zimapweteka mtima. Nyimbo imene bambo anapekera mwana wake wamkazi yasangalatsa anthu osadziwa n'komwe kumene Chiradzulu ili, koma kutchuka sikugula feteleza kapena mankhwala.

Vutoli si la a Chalamanda okha. Bandi ya Black Missionaries (Ma Blacks) ya ku Chileka, imene anayambitsa malemu Evison Matafale, yapitiriza kutulutsa zimbale za Kuimba ngakhale Matafale anamwalira mu 2001 ndipo Musamude Fumulani mu 2007. Koma msika wa makaseti ndi ma CD unatha, ndipo Ma Blacks amayenda m'maboma kukaimba pamaso pa anthu olipira pakhomo. Munthu wa zaka zoposa 90 sangayende choncho sabata ndi sabata.

Ndalama za pa intaneti zilipo, kungoti zimapita kwa amene analembetsa nyimboyo ndipo ali ndi akaunti yolandirira. Woimba wakale wa kumudzi sadziwa khomo lolowera. Apa ndi pamene bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, liyenera kuonetsa mphamvu. Lamulo la umwini wa luso la 2016 linatsegula njira yotolera msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi ma memori khadi. Ndi chiyambi chabwino, koma sichikwanira.

COSOMA ituluke m'maofesi, ifike kwa Kadewere ndi madera ena, ilembetse nyimbo za oimba achikulire pa YouTube ndi Spotify m'maina awo, ndipo iwathandize kulondola ndalama zawo. Oimba achinyamata ofuna kujambula ndi agogo otere ayambe alemberana pangano la kagawidwe ka ndalama, abale a agogowo ali pomwepo, kamera isanayatsidwe.